KODI MWALA UNGALAKWIRIDWE?

Munthu ungamulakwire. Ukamubera, ukamunamizira, ukamutukwana, pakhala mlandu. Nyama nayonso ungailakwire, pakuti akulu sasekerera mnyamata wothyola mbuzi mwendo pongofuna kuona mmene itsimphinire. Nanga mwala? Mwala sumva kuwawa, sudandaula, ulibe mbale wokausumira kwa mfumu. Ukaumenya ndi chibakera, lopweteka ndi dzanja lako. Tsono funso limene ndadza nalo pabwalo lino likhoza kuoneka ngati la munthu wosowa chochita, komabe ndikupemphani, anzanga, kuti mundilole ndilifunse: kodi mwala ungalakwiridwe?

Kuti tisangoyandama m'malere, tiyeni titenge mwala weniweni umene ambiri a ife tiudziwa. Munthu akachoka ku Old Town mu Lilongwe natsata msewu wa ku Blantyre, nakhotera kudzanja lamanja pamphambano ija tiitcha Bunda Turn-off, ayenda pakati pa minda yathyathyathya kufikira aona phiri limodzi lili lokhalokha pachidikha, mutu wake wadazi. Limenelo ndilo phiri la Bunda, pafupifupi makilomita 30 kuchokera m'tauni. Sukulu ya zaulimi imene idamangidwa patsinde pake m'zaka za m'ma 1960, imene kuyambira mu 2012 ili likulu la yunivesite ya LUANAR, idabwereka dzina kwa phirilo, kotero kuti lero munthu akanena kuti "ndidaphunzira ku Bunda" sitiganizanso za mwala. Koma mwalawo ndiwo mwini dzina.

Tiyambe tafunsa akatswiri a miyala kuti chinthuchi n'chiyani. Iwo mapiri otere amawatcha inselberg, mawu a Chijeremani otanthauza phiri lokhala ngati chilumba. Adayamba kuwatchula chotero ndi Wilhelm Bornhardt mu 1900, atayenda m'dziko limene lero ndi Tanzania naona mapiri onga athuwa. Ndipo chimene akatswiriwa atiuza n'chodabwitsa: phiri la Bunda silidamere ayi, koma dziko lolizungulira ndilo lidatsika.

Nkhani yake ili motere. Pansi pa chidikha chonse cha Lilongwe pali thanthwe limene lidapangika m'kati mwenimweni mwa dziko, mmene muli kutentha ndi kupanikizika koopsa, ndipo yambiri ya miyala imeneyi ipitirira zaka 500 miliyoni. Madzi a mvula akalowa m'nthaka amatsata ming'alu ya thanthwelo. Pamene ming'alu ili yambiri ndi yoyandikana, madzi amaoletsa mwala pang'onopang'ono mpaka usanduke dothi, katondo yemwe uja tilimamo chimanga ndi fodya. Pamene ming'alu ili yochepa, madzi asowa polowera, ndipo mwala ukhalabe wamphumphu uli chikwiriridwire. Tsono mitsinje ndi mvula zimakokolola dothi lija, chaka ndi chaka, kwa zaka mamiliyoni, kufikira mbali yolimba ija itsala poyera. Katundu wa dothi atachoka pamwamba pake, mwala uja umayamba kusendeka magawomagawo ngati anyezi. N'chifukwa chake mutu wake uli woulungika, ndipo patsinde pamakhala zidutswa zogumuka. Motero Bunda, Ngala ya Pakamwa ndi Nkhoma si alendo pachidikhachi: ndiwo otsala, amene anzawo onse adapita ndi madzi. Ngakhale Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, ndi mwana chabe kwa miyala ya kuno, pakuti mwala wake uli ndi zaka pafupifupi 130 miliyoni. Msinkhu si ukulu.

Tsopano tifunse makolo. Kwa Achewa, Bunda adali amodzi mwa malo opempherako mvula. Kukachita chilala, anthu ankapita kukachisi ndi nsembe kukadandaula kwa Chauta kudzera mwa mizimu, monga ankachitira ku Msinja kwa Makewana, mayi uja wa ana onse amene tsitsi lake silinkametedwa kuopa kudula mvula. Nkhalango yozungulira kachisi siinkalowa nkhwangwa. Mapiri otere adalinso linga: anthu a mfumu Mazengera adathawira paphiri la Nkhoma poopa nkhondo ya Angoni, ndipo amishoni a Dutch Reformed Church pofika kumeneko mu 1896 adawapeza ali kudalira phirilo. Ngakhale lero, Akhristu a mipingo yosiyanasiyana amakwera Bunda kukasala kudya ndi kupemphera, ena kugona komweko. Nyimbo zidasintha, koma mapazi akulowerabe kumodzimodzi.

Pali mwala wina umene sitingaulumphe pankhaniyi, ndiwo Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama kumalire ndi Mozambique. Makolo ankati pachiyambi Chauta adatsika ndi mvula, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, naponda pathanthwe limenelo likadali lofewa, ndipo mapazi awo adadindika pomwepo. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto natentha tchire. Nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, kupatula galu ndi mbuzi zimene zidathawira kwa munthu yemweyo. Nanzikambe adakwera mumtengo, koma Chauta sadathe kukwera, mpaka kangaude adamutsitsira ulusi; nakwera nawo kumwamba, osabweranso. Katswiri wa miyala akaona maenje a pathanthwe lotere adzakuuzani kuti ndi madzi amene amadikha m'timakwawa nadya mwala pang'onopang'ono. Sindikutsutsana naye. Koma ndikupemphani musunge nthanoyi, pakuti tidzaifunanso kutsogoloku.

Nanga tsono funso lathu lija? Ndiona kuti pali mayankho awiri amene amabwera msanga, ndipo onse awiri sandikhutiritsa.

Loyamba ndi la ophunzira. Iwo ati: mwala ndi mwala basi. Chimene sichimva kuwawa sichingalakwiridwe, ndipo zonena za mizimu ya paphiri ndi mantha a anthu amene sadadziwe kumene mvula imachokera. Yankholi lili ndi mphamvu ndithu, ndipo sindifuna kulipeputsa. Nyumba imene ndikhalamo ku Area 1 maziko ake ndi miyala yophwanyidwa. Msewu uliwonse wa tala, mlatho wa pa Lilongwe, nyumba za ku Capital Hill zimene zidalandira boma pamene likulu lidasamuka ku Zomba mu 1975, zonsezi zidadya miyala. M'mbali mwa misewu yathu tiona amayi atakhala padzuwa ndi kanyundo, mwana kumsana, akuphwanya kwale kuti agulitse pawilibala. Ndani angaime pamaso pa mayi wotere namuuza kuti akulakwira mwala? Kuphwanya mwala pakokha si tchimo. Kukadakhala tchimo, tonse tikadagona m'zisakasa. Komatu yankholi tikalitsata mpaka kumapeto, litifikitsa ponena kuti palibe kusiyana pakati pa wilibala ya kwale ndi phiri lonse la Bunda, koma kuchuluka kokha. Ndiye kuti munthu wa ndalama atagula phirilo, naika makina, nalisandutsa fumbi m'zaka 20, sitingakhale ndi mawu, bola walipira msonkho. Mtima wanga ukana zimenezo, ndipo ndikhulupirira kuti wanunso ukana, ngakhale inu amene simudathirepo nsembe.

Lachiwiri ndi la okhulupirira. Iwo ati: phiri lili ndi eni ake, mizimu kapena Mulungu, ndipo wolikhudza adzaona malodza. Yankho limeneli lidasunga nkhalango zathu kwa mibadwo yambiri, ndipo lidali ndi nzeru yobisika. Thanthwe ladazi silimwa madzi. Mvula yonse yogwa pamwamba pake imatsikira patsinde, ndipo mitengo ya pamenepo ndiyo imagwira madziwo kuti alowe pansi ndi kutuluka m'akasupe nthawi ya chilimwe. Choncho woletsa nkhwangwa pakachisi ankatchinjirizanso chitsime cha mudzi. Koma chofooka cha yankholi n'chakuti limamanga okhawo amene ali ndi mantha. Tsiku limene mnyamata adula mtengo woyamba namagona bwinobwino, osatupa mimba, lamulo lonse ligwa. Taonani Dzalanyama yemweyo, kumene kuli Kaphirintiwa ndiponso kumene mtsinje wa Lilongwe uchokera. Mantha a mizimu atachepa, nkhalango idayamba kutsika m'tauni m'matumba a makala panjinga, kufikira mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukalondera mitengo. Mfuti idalowa m'malo mwa mizimu. Mantha adalowa m'malo mwa mantha. Ndipo makalawo sapsa kumudzi ayi: amapsa pambaula zathu, ife a m'tauni, ophunzirafe, amene timwa madzi a mtsinje womwewo.

Ngati yankho loyamba lichepetsa mwala, ndipo lachiwiri liusunga ndi mantha okha, kodi palibe njira ina? Ine ndiyesa ilipo, ndipo sindikaitenga kutali: ili pabwalo la mfumu.

Kwathu mlandu sutha ndi mawu okha, utha ndi kulipa. Waba nkhuku abweza nkhuku. Ng'ombe zako zikadya m'munda wa mnzako ulipa chimanga. Watentha nyumba ya mwini udula mitengo, umweta udzu, umanga ina. Chilungamo chathu chonse chidakhazikika pa kubweza. N'chifukwa chake milandu imene akulu ankaiopa koposa ndi ija yosabwezeka. Wopha munthu ankalipitsidwa inde, koma aliyense pabwalopo ankadziwa kuti cholipacho n'chopepesera chabe, sichidzutsa wakufayo. Madzi akatayika saoleka. Motero kukula kwa cholakwa sikuyesedwa ndi kulira kwa wolakwiridwa kokha, komanso ndi funso ili: kodi chimene chaonongekachi chingabwerenso?

Tiyeni tiyese zinthu za m'chilengedwe ndi muyeso umenewu. Udzu ukapsa umera ndi mvula yoyamba. Mtengo wa mbawa ukadulidwa, mdzukulu wa wodulayo akhoza kudzakhala pamthunzi wa wina. Dothi likakokoloka, pafunika mibadwo yambirimbiri kuti libwerere. Nanga phiri? Apa ndipo pali chimene chindikondweretsa: woyankha funso limeneli si wansembe, koma katswiri wa miyala. Iyeyo ndiye watiuza kuti Bunda adatenga zaka mamiliyoni kuti aonekere, ndi kuti palibe boma, kampani kapena yunivesite imene ingaumbe wina. Ambiri amaganiza kuti sayansi idabwera kudzavula phiri ulemu wake. Ine ndiona kuti idadzaonjezera. Makolo ankati phiri n'lakale ngati Chauta. Sayansi yabwera ndi chiwerengero chimene mutu wa munthu sungachisenze. Yemwe wadziwa zaka za mwala alibenso pothawira: sangathe kunena kuti sadadziwe kukula kwa chimene akuphwanya.

Tsopano tibwerere ku nthano ya Kaphirintiwa. Taonani kuti m'nthanoyi cholakwa choyamba cha munthu si kupha mbale wake, si kuba, si chigololo. Adalakwira tchire. Ndipo chilango chake si mkwapulo kapena dipo, koma chinthu chosabwezeka: Chauta adakwera, nyama zidathawa, ndipo palibe mbuzi imene munthu akadalipa kuti zinthu zikhalenso monga kale. Amene adapeka nthanoyi mwina sadadziwe mmene maenje a pathanthwe adabwerera, koma ankadziwa bwino kuti munthu ali ndi mphamvu yochita m'tsiku limodzi chimene sangachikonze m'moyo wake wonse. Kutsutsa nthanoyi ponena kuti mapaziwo si mapazi kuli ngati kutsutsa mwambi wa kalulu ponena kuti kalulu salankhula.

Wina afunsa: chabwino, chinthu chosabwezeka chaonongeka, koma wolakwiridwayo ndani? Pajatu mlandu umafuna wodandaula. Ndiyankha ndi chitsanzo cha manda. Manda samva kuwawa, ndipo wogona m'menemo sadzadzuka kukasuma. Komabe munthu akalima pamanda timati walakwira manda, ndipo palibe amene amati talankhula zopanda nzeru. Tikutanthauza kuti malowo akuimira anthu amene sangathe kubwera pabwalo. Phiri nalonso n'chimodzimodzi, koma loposa manda, pakuti liimira magulu awiri: amene adapita ndi amene sadabadwe. Akufa adalipatsa dzina, adathirapo nsembe, adabisalamo, adaloza malire a minda yawo poyang'ana ilo. Osabadwawo adzafuna kudziwa kumene adachokera, ndipo mabuku athu akadzadyedwa ndi chiswe, mboni yotsala idzakhala mwalawo. Mwa mwambo wathu ngakhale mfumu si mwini nthaka. Ndi msungi chabe. Tsono ngati mfumu ili msungi wa munda umene umalimidwa chaka ndi chaka, mbadwo umodzi ungakhale bwanji mwini wa phiri limene lidaona mibadwo yonse?

Zimenezi si za kwathu kuno kokha. Ku Australia kuli thanthwe lalikulu lotchedwa Uluru, limene boma lidalibwezera kwa eni nthaka, Aanangu, mu 1985. Kwa zaka zambiri iwo ankapempha alendo kuti asamalikwere, ndipo mu October 2019 kukwerako kudaletsedwa. Koma patangopita miyezi yochepa, mu May 2020, m'dziko lomwelo kampani ya migodi ya Rio Tinto idaphulitsa mapanga a Juukan Gorge, mmene anthu adayamba kukhalamo zaka 46,000 zapitazo, pofuna miyala ya chitsulo. Chilolezo cha boma idali nacho. Palibe lamulo lidathyoledwa. Komabe anthu adakwiya kotero kuti mkulu wa kampaniyo adasiya ntchito, ndipo kampani idapepesa. Mapangawo ndiye sadabwerere. Apa tiphunzira kuti chinthu chikhoza kukhala chololedwa ndi pepala koma chili cholakwa, ndi kuti anthu a zikhulupiriro zosiyana amazindikira cholakwacho akachiona.

Komatu ndisathawe mtsutso wolemera koposa, umene ndidziwa kuti ena a inu mwausunga. Mudzati: awa ndi maganizo a munthu wokhuta. Dziko lathu n'losauka, zipatala zilibe mankhwala, achinyamata alibe ntchito. Phiri la Kangankunde ku Balaka lili ndi miyala imene maiko akunja akuifuna popanga maginito a galimoto zamagetsi. Kodi tiziyang'ana mapiri ana akufa? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo njala siidikira nzeru za m'kalasi.

Mtsutsowu ndiulandira, ndipo sindinena kuti phiri lililonse lisakhudzidwe mpaka muyaya. Moyo wa mwana uposa mwala. Koma chinthu chosabwezeka sichigulitsidwa monga tigulitsira tomato. Chifuna mafunso atatu, ndipo afunsidwe poyera. Loyamba: kodi palibedi njira ina, kapena tasankha iyi chifukwa ndiyo yapafupi? Kwale apezeka m'malo ambiri opanda dzina, koma Bunda ndi mmodzi. Lachiwiri: ndani wafunsidwa? Ngati a patsinde pa phiri angomva kuphulika osamva nkhani, ndiye kuti alandidwa, ngakhale pepala litasainidwa ku Capital Hill. Lachitatu: adye ndani? Ngati tiphwanya cholowa cha osabadwa, phindu lake liyenera kusanduka chinthu chimene iwonso adzachipeze, osati galimoto imene idzachita dzimbiri mwini wake asadafe. Mayi wa kanyundo uja alibe mlandu pa mafunso amenewa. Atola zogumuka kuti ana adye lero. Mlandu uli pa ife amene tidzakhale m'maofesi, odziwa kuwerenga mapu ndi kusaina zilolezo, pakuti cholembera chimaphwanya phiri msanga kuposa nyundo.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene kayesa maganizowa. Timaona miyala ya m'misewu ndi m'mapiri italembedwa ndi penti: maina a anthu, mavesi, malonda a sing'anga. Wina adzati makolo nawonso ankalemba pamiyala. Ku Chongoni, pafupi ndi Dedza, kuli malo 127 a zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene bungwe la UNESCO lidazivomereza mu 2006 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Nanga kusiyana kuli pati? Ine ndiona kuti ojambula a ku Chongoni sadasiye maina awo. Zambiri mwa zojambula zoyerazo zidali za chinamwali ndi za nyau, zophunzitsira ana a mudzi. Adabwereka mwala kuti ulankhule m'malo mwa onse. Wolemba dzina lake ndi penti akuti, "Ine ndidafika pano," ngati kuti phiri lidakhala zaka mamiliyoni likudikira iye. Tchimo lake n'laling'ono ndipo mvula idzalifafaniza, koma mtima wake ndi womwe uja wa mwini makina: kuona chinthu chachikulu ndi chakale, n'kungoganiza za iwe mwini.

Tsono kodi mwala ungalakwiridwe? Ngati kulakwira ndi kupweteka kokha, iyayi. Koma ngati kulakwira ndi kutenga chimene si chako wekha, n'kuchiononga mosabwezeka, eni ake ena ali kumanda ndipo ena asadabadwe, ndiye inde, ndipo mlandu wake ndi waukulu chifukwa wodandaula sadzafika pabwalo. Sitifunika kuopa njoka ya paphiri kuti timvetse zimenezi, ndiponso sitifunika kutaya mabuku athu a sayansi. Chofunika ndi lamulo limodzi losavuta: chimene sungathe kuchipanga usafulumire kuchiphwanya. Phiri la Bunda lidalimbana ndi mvula kwa zaka zosawerengeka ndipo lidatsala, chifukwa lidalibe ming'alu yambiri yolowera madzi. Makina ndi zophulitsira sizifuna mng'alu m'mwala. Zingofuna munthu wovomera.

Nkhani ndaitula. Amene aona kuti muyeso wa kubweza sukwanira pamlandu umenewu aimirire, atipatse wina wouposa.